Musaweruze failo ndi dzina, onani kumene ikukhala

Akonzi,

Tipatseniko mpata tichenjeze anzathu a ku Chipata kuno, makamaka amene mumayenda ndi fulashi kukasindikiza mapepala m'mashopu a ku Kapata ndi m'tauni. Kompyuta ikayamba kuchedwa, ambiri amadina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti atsegule Task Manager, imene imaonetsa mndandanda wa mapulogalamu amene akuyenda, akaona dzina lachilendo n'kulifufuta pomwepo. Tikupempha kuti musathamangire kufufuta, chifukwa mutha kuchotsa failo imene Windows imadalira, kompyuta n'kukana kuyaka.

Dzina lokha silikwanira. Failo yotchedwa svchost.exe ndi ya Windows yeniyeni, ndipo imaoneka kambirimbiri pamndandanda popanda vuto lililonse. Koma opanga mavairasi amaba dzinalo kapena kusinthako pang'ono, monga scvhost.exe kapena svch0st.exe, podziwa kuti diso lothamanga silingaone. Dinani dzinalo ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Open file location. Yeniyeni imakhala mu C:\Windows\System32 kapena SysWOW64. Ikakufikitsani ku foda ya AppData, ya Temp kapena pa fulashi, imeneyo ndi mbala yovala yunifomu ya mlonda.

Chinanso, Windows imabisa mapeto a mayina. Mu File Explorer pitani pa View muyatse File name extensions. Pamenepo mudzaona kuti "CV.pdf" imene mnzanu wakutumizirani ndi CV.pdf.exe, pulogalamu osati chikalata. Musaitsegule kuti muone, chifukwa kuitsegula ndiko kuiyambitsa.

Failo yokayikitsa itumizeni pa webusaiti ya VirusTotal, pamene imayesedwa ndi ma antivirus oposa 60. Mmodzi kapena awiri okha akaikayikira mwina alakwitsa, koma akachuluka musakaikenso. Zikalata zanu zachinsinsi musaikepo, popeza zotumizidwa pamenepo akatswiri ena amazipeza.

Fulashi imene mafoda ake onse asanduka ma shortcut sikuti yataya zinthu, vairasi yangozibisa. Mu Command Prompt, pulogalamu ya Windows yolembamo malamulo, lembani attrib -h -r -s /s /d E:\*.* ndipo m'malo mwa E muike chilembo cha fulashi yanuyo. Zikabwerera, fufutani ma shortcut aja osawadina.

Mukatsimikiza kuti ndi vairasi, zimitsani intaneti, muyendetse Microsoft Defender Offline scan, imene imayatsanso kompyuta n'kufufuza Windows isanadzuke. Mapasiwedi a imelo ndi a kubanki muwasinthire pa foni kapena kompyuta ina, chifukwa yodwalayo ingakhale ikulemba chilichonse chimene mukutayipa.

Ndife okonza makompyuta,
Chipata