Ndiwauze za mng'aluwo kapena ndingokhala chete?

Zikomo azakhali,

Ndakhala ndikuwerenga malangizo anu kwa nthawi yaitali koma sindinkadziwa kuti tsiku lina nane ndidzakulemberani. Ndikulemba usiku, anthu onse mnyumba muno agona, ine tulo tinandithawa kalekale. Nkhani yanga ndi ya nyumba ndipo ndi yaitali, mundipirire chifukwa ndikaidula simumva pomwe pakundiwawa.

Ndine mayi wa ana atatu, pabanja ndakhalapo zaka 16. Nyumba tikukhalayi tinamanga tokha pang'onopang'ono, tinalowamo ilibe siling'i, mawindo ena titatseka ndi makatoni, nde takhalamo zaka 11. Ndi ya zipinda ziwiri zogona basi. Ana akula, woyamba ndi mnyamata wa zaka 15 ndipo amagona pabalaza poti sangagone chipinda chimodzi ndi alongo ake. Tinagwirizana ndi bambo akunyumba kuti tigulitse ino, tiphatikize ndi kangachepe komwe tinasunga, tigule yokulirapo. Pokambirana zinkaoneka zophweka, kugulitsa uku nkukagula uko.

Tinapeza ejenti, munthu wa pakamwa pozuna, anati mwezi sutha nyumba ikhala itapita, iye komishoni yake 5 peresenti. Inatenga miyezi 7. Miyezi yonseyo moyo wathu unali wongodikira foni, kukolopa mbandakucha poti kubwera anthu, kuthamangitsa ana kuti akasewere kwina, anthuwo osabwera, olo kuimba kupepesa ayi. Ena amabwera nkumatsegula mpaka makabati a kukhitchini, kugogoda makoma, kenako nkutchula mtengo woti ukaumva umachita kufuna kulira. Nyumba yomwe unanyamulira wekha njerwa munthu nkumaifotokoza ngati khola iwe uli pompo. Tinatsitsa mtengo kawiri.

Tsopano apa mpomwe ndikufuna mumvetsetse. Khoma lakumbuyo la chipinda cha atsikana lili ndi mng'alu, umayambira pakona ya windo nkutsetsereka chopingasa mpaka pansi. Unayamba zaka 4 zapitazo. Tikamata umabweranso, ndipo mvula ikagwa masiku angapo khomalo limanyowa mpaka kuchita chuku, zovala kumanunkha chinyontho. Tisanaike nyumba pamsika tinaitana mmisiri kuti aone, iye atakumba pang'ono kunja anatiuza mosabisa kuti vuto si pulasitala, ndi maziko. Mbali imeneyo madzi amadikha, dothi linafewa, nde maziko akutitimira pang'onopang'ono. Anati kukonza kwenikweni nkukumba, kulimbitsa maziko ndi konkire, kenako kupanga ngalande yoti madzi azipita kutali ndi khoma. Ndalama yomwe anatchula sitikanaikwanitsa nthawi imeneyo. Bambo anati angomata bwinobwino tipake penti, ine ndinavomera, sindikufuna kunama kuti anandikakamiza. Wadiropu tinaikankhira pakhoma lomwelo, ndipo amene anaganiza zoikankhira pamenepo ndine.

Kenako ogula enieni anapezeka, banja lachinyamata, mkaziyo ndi woyembekezera. Anthu aulemu, anavula nsapato pakhomo tisanawauze. Ndalama yao yambiri ndi ya loni ya kubanki, anationetsa kalata yoti banki yavomera kuwabwereka. Tinasainirana kontirakiti, analipira dipoziti ya 10 peresenti yomwe ikusungidwa ndi loya, ife sitinaigwire ndipo sitingaigwire mpaka zonse zitatha. Ine ndinkaona ngati basi nyumba yagulidwa. Sindinkadziwa kuti kalata yoyamba ija imangonena kuti malinga ndi malipiro ao akhoza kubwereka ndalama zakutizakuti, koma banki isanatulutse ndalama imatuma kaye valuer wake, katswiri woyeza mtengo wa nyumba, adzaone ngati nyumbayo ikufanana ndi mtengo wake, poti nyumbayo ndiye chikole. Valuer anabwera, anazungulira mphindi mwina 40, kuyeza, kujambula, nkumapita. Wadiropu sanaisunthe, ntchito yake inali ya mtengo osati kufufuza maziko. Lipoti litatuluka anaika mtengo wotsika kuposa womwe tinagwirizana, nde banki imawerengera loni pa mtengo wa valuer osati wa ife. Patsala mpata woti anyamatawa aukwirire ndi ndalama za mthumba mwao, ndipo alibe. Anapempha masiku 30 oonjezera kuti asakesake, tinawapatsa.

Pomwe izi zimachitika ife tinali titapeza kale nyumba ina. Azakhali nyumba imeneyo ndinaikonda nditangolowa pageti, zipinda 4, bwalo lalikulu, kufupi ndi kuntchito kwa bambo. Ejenti wa kumeneko anatiuza kuti pali munthu wina wa kashi akubwera Lachisanu, ngati tikuifuna tiikepo dipoziti lero lomwe. Kaya munthuyo analikodi kaya kunalibe, mpaka pano sindikudziwa, koma mtima unathamanga. Tinatenga ndalama yonse yomwe tinasunga zaka zonsezi, ina ndinabwereka kwa achimwene anga, nkupereka mmanja mwa wogulitsayo, osadzera kwa loya. Anationetsa fotokope ya title deed, chikalata cha umwini wa nyumbayo, dzina la bambo lolembedwapo linali lofanana ndi la wogulitsayo, ife sitinayang'anitsitse dzina loyamba. Kontirakiti analemba ndi ejenti yemweyo, masamba awiri, imati titsirize kulipira mmasiku 90 apo ayi dipoziti yapita. Munalibe mau oti kugula kwathu kukudalira kuti yathu igulidwe kaye, ndipo ife sitinkadziwa kuti mau otero munthu umatha kupempha kuti alembedwemo.

Loya tinamuuza patatha sabata ziwiri, titamaliza kale zonse. Anagwira kumutu. Anapita kukafufuza kuofesi yosunga kaundula wa malo, zija amati search, zomwe anati zimayenera kuchitika tisanatulutse olo ndalama imodzi. Zomwe anapeza ndi izi. Nyumbayo ikadali mdzina la malemu bambo ake a wogulitsayo. Iye ndi mwana woyamba inde, koma alibe chikalata cha kukhothi chomupatsa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye, nde mwalamulo sangasinthe umwini kupita kwa ife ngakhale titalipira yonse mawa. Mlongo wake wina anakaikitsa chiletso pa nyumbayo kuti isagulitsidwe iye osadziwa. Ngati izo sizikukwana, mu kaundulamo mukuonekabe kuti nyumbayo inali chikole cha ngongole yakale ya malemuwo, eni ake akuti inabwezedwa yonse koma palibe anapita kukafufutitsa.

Tinapita kukamuona munthuyo kuti atibwezere ndalama yathu. Anati ina analipirira ngongole, ina fizi ya ana, yatsala yochepa, tidekhe akambirana ndi mlongo wakeyo. Ine ndinapsa mtima kwambiri, ndinayankhula mokweza pakhomo pa eni, ndinamufunsa kuti bwanji simunatiuze kuti nyumbayi ili ndi nkhani, mumaona ife tikupereka thukuta lathu lonse inu muli chete? Anandiyang'ana nkunena kuti mayi, simunandifunse.

Mau amenewo ndi omwe andilanda tulo. Usiku womwewo ndinalowa kuchipinda kwa atsikana kukawafunditsa, maso anga anagwera pa wadiropu ija, miyendo inachita kuzizira. Tsiku lomwe banja lija linabwera kudzaona kachiwiri, mkaziyo anaima mchipinda chomwecho atagwira mimba yake nkunena kuti muno mudzakhala mwa mwana, pali kuwala bwino. Anandifunsa ngati denga limadontha ndinati ayi, ndipo nzoona silidontha. Za khoma sanandifunse. Ine ndinamwetulira nkumuonetsa bafa.

Ndinawauza bambo kuti tiwauze anthuwa chilungamo. Tinakangana mpaka ana anadzuka, chinthu chomwe sichinachitikepo mbanja mwathu. Iwo akuti kontirakiti ikunena poyera kuti nyumba ikugulitsidwa mmene iliri, ogulawo anali ndi ufulu wobweretsa injiniya wao kuti aifufuze ndipo sanatero, nde si mlandu wathu. Akuti anthu oti akulephera kale kukwanitsa ndalama ukawauza za maziko athawa, kapena auza banki, banki nkutsitsanso mtengo kapena kukana loni yonse, ife nkubwerera poyambira, miyezi ina 7 ya kukolopa ndi kudikira foni, uku ndalama yathu ili mmanja mwa munthu wina, uku achimwene akufuna yao. Akuti ndikufuna kuotcha nyumba ndi ana anga ali momwemo chifukwa cha chisoni pa anthu achilendo. Sindikuwaona ngati munthu woipa azakhali, ndi bambo woti sanadyepo za munthu, koma mantha awagwira, aonda, akumadzuka pakati pa usiku nkumawerengetsa manambala pafoni. Ndipo zina zomwe akunena nzoona, ndikuzidziwa.

Ndinamufunsa loya mozungulira, ngati nkhani ya mnzanga. Anati mau oti mmene iliri amateteza wogulitsa pa zilema zomwe iye sankazidziwa kapena zomwe wogula akanaziona yekha, koma munthu akadziwa chilema chachikulu nkuchibisa dala, mau amenewo nthawi zambiri samupulumutsa, wogula akhoza kudzamusumira kuti alipire zokonzera kapena kuti malondawo athetsedwe. Anandiyang'ana nthawi yaitali atanena zimenezo, ndikuganiza kuti anadziwa kuti mnzangayo ndine. Ndipo mboni ilipo, mmisiri uja, anakumba yekha ndipo anamata yekha. Koma ndikuuzeni zoona, si khothi lomwe likundiopsa kwenikweni. Ndikumaona khanda litagona pafupi ndi khoma lonyowa lija likupuma chuku. Mwana wanga wachiwiri amakhosomola nyengo ya mvula iliyonse ndipo sindinafune kuvomereza mumtima kuti mwina nchifukwa cha chipindacho.

Pa nyumba inayo loya akuti munthu amene analibe mphamvu yogulitsa nkovuta kuti atilande dipoziti ponena kuti tachedwa, ndipo tikhoza kukasuma kuti atibwezere, koma watichenjeza kuti milandu imatenga nthawi ndipo kuwina mlandu nkosiyana ndi kulandira ndalama ngati munthuyo alibe. Njira ina akuti nkudikira kuti abalewo agwirizane, atenge chikalata cha kukhothi, chiletso chichotsedwe, ife tilembe kontirakiti yatsopano ndalama yotsala izisungidwa ndi loya. Bambo akufuna kudikira poti nyumbayo anaikonda. Ine chikhulupiriro chinandithera, komanso mlongo wakeyo nditamuimbira anandiuza kuti nyumba ya bambo ake sigulitsidwa iye ali moyo. Pa masiku 90 aja patsala 23. Ejenti wa kumeneko amene ankatiimbira katatu patsiku pano foni sakuyankha, meseji pa WhatsApp amawerenga nkungokhala.

Nde taonani pomwe tili. Ogula athu akapeza ndalama yao tikuyenera kutuluka muno, kopita kulibe, tikalowa lendi ndi ana atatu nkumadya ndalama yomwe timati tigulire nyumba. Akapanda kuipeza tikhala muno ndi ngongole ya achimwene, omwe mkazi wao wayamba kale kundiyankhula mokuluwika. Katundu theka ali mmakatoni kuyambira mwezi watha, ana akumandifunsa kuti chaka chamawa aphunzira sukulu iti ndipo ndilibe yankho. Sabata yatha kuchipatala anandipeza ndi BP yokwera, chinthu chomwe ndinalibe. Kuntchito ndikumalakwitsa zinthu zazing'ono mpaka abwana anandiitana kundifunsa ngati kunyumba kuli bwino.

Maganizo omwe ndili nawo ndi oti tiwaitane anyamatawa, tisunthe wadiropu, tiwaonetse, tiitane injiniya anene mtengo weniweni wokonzera, ndalama imeneyo tiichotse pa mtengo wa nyumba. Mwinanso kutsitsa kumeneko kukhoza kukwirira mpata womwe ukuwavutawo, sindikudziwa, mwinanso akhoza kungotenga dipoziti yao nkumapita ndipo sindingawadandaule. Koma ndalama ikachepa chonchi nyumba yokulirapo ija ndiye kuti taiiwala, mwana wanga apitiriza kugona pabalaza, ndipo bambo sindikudziwa ngati adzandikhululukire. Nyumbayi ili mmaina a tonse awiri, sangamalize kugulitsa popanda siginecha yanga, koma sindikufuna kuwaopseza ndi zimenezo, sitinakhalepo choncho.

Ndithandizeni azakhali. Ndiwauze ogulawa ngakhale bambo akukana, kapena ndiyambe ndalimbana nawo bambowo mpaka avomere, nanga akakanitsitsa nthawi nkutha? Ndingawayankhule bwanji kuti amve kuti sindikuwagulitsa kwa anthu achilendo? Ndi bwino kuitana munthu wamkulu amene amamulemekeza kuti atikhazike pansi, kapena kutero nkuulutsa nkhani yomwe ikhoza kutipweteka tonse? Nanga kunyumba inayo tidikire kapena tikasume pano ndalama yotsalayo isanathe? Mkazi uja wanditumizira meseji madzulo ano kuti apeza theka la ndalama yomwe imaperewera, ndipo akufunsa ngati angabwere Loweruka kudzayeza mawindo a chipinda cha mwana kuti asoketse makatani. Sindinamuyankhe.

Ine wanu,
Mayi wosowa tulo