Kanyumba ka agogo kuseri kwa nyumba

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za tinyumba ta agogo timene ambiri tikumanga kuseri kwa nyumba zathu. Ine ndinamangira mayi anga chaka chatha ndipo ndinalakwitsa pogula simenti yonse kamodzi, matumba ena anauma gwa ndi chinyontho, ndiye anzanga muzigula pang'onopang'ono n'kusanja pa matabwa osati pansi. Pulani ikavomerezedwe kaye ku khonsolo. Zitseko ndi mawindo a nyumba zogumulidwa zimatchipa, bola muone kuti chiswe sichinadye. Koma chonde masitepe ayi, mawondo a okalamba sangakwanitse, khomo likhale la masentimita 90 kuti wilutcheya izilowa, toileti ikhale mkati momwemo yokhala ndi chitsulo chogwirira, zoti mayi azituluka panja usiku ine ndinakana.

Wowerenga wanu