Khutu lako lamanzere

Kabwata, Lusaka

Mwana wanga,

Kuno tili bwino, kungoti bondo la amako layambanso. Usadabwe kuti ndikulemba kalata pamene Chalala ndi Kabwata ndi ulendo wa minibasi chabe. Nkhaniyi ndikanaiyamba pakamwa tikanakuwizana ngati ogulitsa tomato pa msika wa Soweto, iwe osandimva, ine osakumva, apongozi anga n'kumva zonse ali kukhitchini.

Loweruka lija unabwera ndi laputopu, ndinakuona. Msonkhano wanu wa pa intaneti uli mkati, unkapendeketsa mutu kuti khutu lamanja liyandikire sipika, n'kumavomera zilizonse, koma nkhope ikuonetsa kuti mawu ena akukudutsa. Mapendekedwe amenewo ndi anga. Makina osindikizira anandidya khutu lamanzere, ndipo ndinabisa zaka zambiri, mpaka tsiku lomwe ndinavomera kugwira ntchito pa Khirisimasi ndikuyesa kuti abwana akufunsa ngati ndadya. Amako amaisimbabe nkhaniyi alendo akabwera.

Kompyuta yakoyo ili ndi Windows 11 ngati yanga. Dina batani la Windows pamodzi ndi U, patseguka Accessibility. Lowa pa Audio uyatse Mono audio. Nyimbo ndi mavidiyo ambiri amagawa mawu pawiri, ena kumanja ena kumanzere, ndiye ukavala mahedifoni gawo lina limathera m'khutu lofookalo. Mono imasonkhanitsa zonse, khutu labwino n'kulandira chathunthu. Pomwepo palinso poyatsa kuti sikirini iziphethira uthenga ukalowa.

Koma chimene chinandibweza pakati pa anthu ndi Live captions, chomwe chinabwera mu 2022. Dina Windows, Ctrl ndi L nthawi imodzi. Ulendo woyamba ikupempha kutsitsa chinenero, ndiye uchite zimenezo pomwe intaneti ili yamphamvu. Ukatero imagwira ngakhale bandulo itatha. Mawu aliwonse otuluka m'kompyuta, kaya ndi Zoom kaya ulaliki wa pavidiyo, amalembedwa pomwepo. Ukalola maikolofoni, imalembanso zonena za munthu amene wakhala nawe m'chipinda.

Usazisiye mmene zabwerera. Tizilembo take n'tating'ono ngati nyerere, ndipo ukamatiwerenga ola lathunthu mutu umawawa. Pa Accessibility pomwepo lowa pa Captions, usankhe Large text kapena Yellow on blue, kapena udine Edit upange zako. Apa undimvere, zilembo ndiye ntchito yomwe inakulipirira sukulu. Zikhale zazikulu, zosakongoletsedwa, ndipo kumbuyo kwake kukhale kwakuda bii, kosaonekera mkati, chifukwa zilembo zoyera zikagwera pa malaya oyera a wolankhula zimasowa. Ine ndimakonda zachikasu. Ndipo mawuwo uwaike kumwamba kwa sikirini, pafupi ndi kamera. Akakhala pansi umangozolika ngati mwana wolakwa, anzako n'kumayesa kuti ukuseweretsa foni.

Koma Live captions imeneyi usaikhulupirire kwambiri. Chinyanja sichidziwa, Chibemba sichidziwa, ndipo Chingerezi chathu cha mu Lusaka nthawi zina chimaisokoneza. Munthu akatchula Kalingalinga imalemba zake zosadziwika mutu wake. Pa nkhani ya ndalama, masiku ndi mayina, uziwauza anzako kuti akulembere, palibe amene angakane. Pa YouTube ungodina C kuti mawu azilembedwa pa vidiyo.

Chimene ndikukuletsa ndi kumangokweza voliyumu. Ndinamva mahedifoni ako akulira ndili pakhomo. A World Health Organization amati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera phokoso la madesibelo 80, ndipo phokoso likakwera maolawo amachepa msangamsanga. Timinyewa ta mkati mwa khutu tikafa sitiphukanso. Lamanjalo ndilo lakutsalira lamphamvu, ulisunge.

Zonse ndalembazi ndi ndodo yoyendera chabe, khutulo likufunika kupimidwa. Ku chipatala cha UTH kuli madokotala a makutu, mphuno ndi mmero, ku Beit CURE nakonso amapima makutu. Mwina ndi phula lokha latseka, angolichotsa tsiku lomwelo. Koma usalitokose ndi kamtengo ka machesi monga amachitira amalume ako. Ngati ukuchita manyazi kukhala pamzere wekha, tipitira limodzi, nanenso papita nthawi ndisanapimitse.

Amako sindinawauze, udzawauza wekha. Lamlungu ubwere ndi laputopuyo itadzaza moto, chifukwa malaiti kuno sitiwadalira, tidzakonzere limodzi zilembozo. Kudzakhala chibwabwa chotendera. Pakudya udzakhale kudzanja langa lamanja.

Ndine,
Atate ako