Za tochi yako ija

Ilha de Moçambique,
Lachinayi madzulo

Mphwanga wokondedwa,

Uli bwanji ku Ndirande kumeneko? Ine kuno ndili bwino, kungoti mapewa akuwawa ndi chikwama cha kumsana chija unkalephera kuchisuntha pakhonde. Kalatayi ndailemba pamanja, kenako ndaijambula n'kuitumiza pafoni ya amayi ako. Uyese kuwerenga wekha, munthu wa Sitandade 2 si khanda ayi. Pokhapo pakukanike ndiye uwaitane.

Ndili ndi mlandu kwa iwe. Koma usanagamule, umve kaye mmene zinayendera.

Tsiku lonyamuka lija unandifunsa kuti, "Amalume, kumene mukupitako kulibe abale athu, nanga mukagona kuti?" Ndinangoseka, chifukwa kunena zoona nanenso sindinkadziwa. Kenako unathamangira kuchipinda n'kubwera ndi tochi yako yofiira, n'kunena kuti ndikawalitsire afisi akabwera usiku. Unandilumbiritsa kuti ndibwera nayo.

Tinali atatu: ine, amalume ako atali a ku Bangwe aja amakutcha kuti bwana, ndi anti a ku Chilomoni ovala magalasi aja. Antiwo anatha mwezi wathunthu akuphunzira Chipwitikizi pafoni, ndiye ife tinkawadalira kwambiri. Tinakwera minibasi ku Limbe kusanache, n'kudutsa pa Bvumbwe, m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, Luchenza, Mulanje, mpaka pa Muloza, pamene dziko lathu limathera. Pamenepo anatidindira mapasipoti, tinakwera kabaza, ndipo posakhalitsa tinali pa Milange, m'dziko la Mozambique.

Ndinakhumudwa pang'ono. Ndinkaganiza kuti kunja kwa dziko zonse zimasintha, koma pamsika anthu ankalankhula Chichewa, nkhuku zinali nkhuku zomwezi, ndipo phiri la Mulanje linali pomwepo, kungoti linkaoneka ngati latifulatira. Zachilendo zinali ndalama, zomwe amazitcha metical, ndi buledi wawo wotchedwa pão, wouma kunja koma wofewa mkati. Ndinadya atatu.

Minibasi kumeneku amaitcha chapa. Yathu inkapita ku Mocuba, mtunda wa makilomita pafupifupi 200, ndipo inachedwa kudzaza. Dzuwa litapendeka, tili pakati pa ulendo, inayamba kutsokomola ngati agogo ako nthawi yozizira, kenako zii. Adalaivala anakwera njinga yamoto kukasaka chitsulo chomwe chinathyoka, ndipo anangoti, "Amanhã." Anti ako anatimasulira monyadira kuti mawu amenewo akutanthauza mawa. Ndi mawu okhawo a Chipwitikizi omwe anamva bwinobwino tsiku lonselo.

Anzathu a m'galimotomo anayamba kubalalika, aliyense kwa wachibale kapena womudziwa. Ife tinakhalira zikwama m'mbali mwa msewu n'kumalozana zala kuti wasankha chapa yakutha ndi ndani. Funso lako lija linandibwerera m'mutu, ndipo nthawi imeneyi sindinaseke.

Kenako mayi wina atasenza ndowa ya madzi anaima pafupi nafe. Anatimvetsera tikukangana, ndipo anafunsa m'Chichewa chenicheni kuti, "Kodi ndinu a ku Malawi?" Titavomera, sanafunsenso china. Anangoti, "Nyamulani katundu, alendo sagona pamsewu."

Nyumba yawo inali yaudzu, pansi pa mtengo wamango. Anatiyalira mphasa, anatitenthetsera madzi osamba, kenako anaitana mwana wawo wamwamuna, wamsinkhu ngati wako, n'kumulozera tambala wina. Ukanaona liwiro lake! Tambala analowa pansi pa nkhokwe, mnyamata naye momwemo, tambala anatulukira kwina, mnyamata anatuluka mutu uli mbuu ndi fumbi. Amalume ako a ku Bangwe anati athandize, koma miyendo yawo yaitali ija inangowakola n'kugwera mu mbatata. Mudzi wonse unaseka.

Tinadya nsima ya ufa wa chinangwa, ija timaitcha kondowole, yomwe imatamuka ngati ulimbo. Nthutumba anapatsa amalume akowo poganiza kuti ndiwo aakulu pagulu lathu, chikhalirecho wamkulu ndine. Zimenezi sindinaziiwalebe.

Titatha kudya tinanong'onezana kuti tisonkhe kangachepe. Nditatambasula dzanja, nkhope ya mayi aja inasintha, ndipo ndinachita manyazi ngati mwana wogwidwa akunyambita shuga. Anati, "Bwezani m'thumba. Ine nsima ya kwanu ndinaidya zaka zisanu ndi chimodzi, ndani anandilipiritsa?"

Apa ndikufotokozere, chifukwa kusukulu simunafikepo. Kale iwe usanabadwe, amayi ako ali kamwana, m'dziko la Mozambique munali nkhondo. Inayamba mu 1977 ndipo inatha mu 1992. Anthu ambiri anathawira kwathu ku Malawi, pafupifupi 1 miliyoni, kuchuluka kwake ngati anthu onse okhala mu mzinda wa Blantyre. Ena anakhala ku Nsanje, ena ku Dedza ndi ku Ntcheu, ena ku Mulanje. Mayi amenewa anathawa ali kamtsikana, akuyenda usiku m'tchire atagwira chitenje cha amayi awo, ndipo anakafikira ku Mulanje. Kumeneko agogo ena omwe sankawadziwa n'komwe anawapatsa khitchini yogonamo ndi kamunda. Chichewa anachiphunzira kumeneko, posewera fulaye ndi ana a m'mudzimo. Atatiuza zimenezi anatiimbira nyimbo ina ya kusukulu yomwe nanenso ndinkaimba ndili mwana. Anti ako anavula magalasi n'kumati utsi wawalowa m'maso, koma moto unali utazima kalekale.

Tsopano ndafika pamlandu uja.

M'nyumbamo munali neti imodzi yokha yaikulu, ndipo mogonamo munali mwa mnyamata uja. Amayi ake anamuuza kuti asamukire kukhitchini kwa agogo ake kuti amuna awirife tigonemo, anti ako anakagona ndi mayiwo. Mnyamatayo anatupa masaya, anakoka kabulangete kake pansi, n'kutuluka osayang'ana munthu. Ndinamuzindikira nthawi yomweyo, chifukwa ndi mmene umachitira iwe kukabwera alendo a kumudzi n'kukusamutsira pabalaza.

Kumeneko kulibe magetsi, ndipo mdima wake si wa ku Ndirande, komwe ngakhale magetsi azime umaonabe nyali za magalimoto. Ndinatulutsa tochi yako kuti ndione njira ya kuchimbudzi. Pobwerera ndinapeza mnyamata uja waima pakhomo la khitchini, maso ali pa tochiyo. Iye Chichewa sankachidziwa kwenikweni, amalankhula Chilomwe ndi Chipwitikizi, choncho sitinathe kucheza ndi pakamwa. Ndinawalitsa pakhoma n'kupanga galu ndi zala zanga. Iye anapanga kalulu. Ndinapanga mbalame, iye anapanga chinthu chomwe mpaka lero sindikudziwa kuti chinali ng'ona kapena agogo ake akuyasamula. Tinasewera mpaka amayi ake anatikalipira tonse awiri.

M'mawa chapa inakonzedwa. Mnyamatayo anandinyamulira botolo la madzi mpaka kumsewu. Ndinaganiza za tambala wawo yemwe tinamudya, ndi udzudzu womwe unamuluma kukhitchini chifukwa cha ine, ndiponso ndalama zomwe amayi ake anakana. Ndinapisa m'thumba ndipo ndinamupatsa tochi ija. Sinali yanga, ndikudziwa, ndipo ndinalumbira kuti ndibwera nayo. Ndalakwa, bwana.

Koma iye sanangolandira. Anathamangira kunyumba, chapa ikuliza hutala, n'kubwera ndi legeni yake yosemedwa bwino. Ndinamuonetsa chithunzi chako pafoni, ndipo amayi ake anamuuza kuti mwini tochi ndi ameneyu. Anakuloza ndi chala n'kundipatsa legeniyo. Ndiye ndi yako. Achemwali, ngati mukuwerenga ndinu, ndime ino ingoidumphani.

Za ku Mocuba ndi ku Nampula ndidzakuuza pamaso, kunali kungokwera ndi kutsika, ndiponso kutafuna mtedza wopindika wotchedwa caju womwe ana amagulitsa m'mbali mwa msewu. Tsopano tili pachilumba, pakati pa nyanja yamchere. Kuti ufike kuno umawoloka mlatho wautali makilomita oposa 3, wopapatiza moti magalimoto awiri akakumana, imodzi imapatukira pambali kudikira inzake. Chilumba chenichenicho n'chaching'ono, tinachiyenda wapansi kuchokera nsonga ina kukafika nsonga ina tisanamve njala. Koma dziko lonse la Mozambique linatenga dzina lake pa kachilumba kameneka, ndipo likulu la dzikoli linali pano mpaka mu 1898.

Madzi ake ndinawalawa monga unandituma. Ndi amchere zedi, kuposa ndiwo zomwe amaphika amalume ako a ku Bangwe. Chodabwitsa china n'chakuti nyanjayi imachoka. M'mawa umapeza madzi afika pakhoma, pakapita maola angapo athawira kutali, ngalawa za matanga zangokhala pamchenga, azimayi akutola nkhono ndipo tinkhanu tikuthamanga chammbali. Kenako madzi aja amabwereranso, kawiri pa tsiku. Amene amawakoka ndi mwezi. Ukapita ku Mangochi usakadikire zimenezi, nyanja yathu sichita nawo.

Kunsonga kwa chilumbachi kuli linga lalikulu la miyala lotchedwa São Sebastião, lomwe Apwitikizi anamanga kalekale, ndipo mizinga yake ikadalipo, yadzimbiri, italoza kunyanja. Kuseri kwake kuli katchalitchi kakang'ono komangidwa mu 1522. Uwapemphe aphunzitsi ako akuthandize kuwerengera kuti kali ndi zaka zingati. Pali nkhani ina yomvetsa chisoni ya anthu omwe ankagulitsidwa pachilumba pano, koma imeneyo ndidzakuuza ukakulako.

Tikugona kudera lotchedwa Macuti, dzina lochokera ku masamba a mitengo ya kokonati omwe amafolerera nyumba. Kuno chipinda tikulipira, koma mayi a panyumbapa akuoneka kuti masamu awo ndi ena, chifukwa madzulo alionse amatiitana kudzadya popanda kuwonjezera mtengo. Tsiku loyamba nditawaona ndinadzidzimuka, nkhope yonse ili yoyera ngati adzola ufa. Si matenda ayi. Amapera kamtengo kena pamwala n'kuthira madzi, amakutcha mussiro, ndipo azimayi a kuno amadzola kuti khungu lisalale. Anti ako nawonso adzola, ndawajambula ali ndi magalasi pamwamba pake.

Dzulo anatiphikira matapa. Ukudziwa kuti n'chiyani? Ndi chigwada chomwe chija umachikankhira kumbali kwa mbale, kungoti kuno amachisinja kwambiri, n'kuthira nsinjiro ndi mkaka wa kokonati. Ndinapempha china kawiri. Ndagula kokonati awiri oti amayi ako adzayese, tidzaone ngati udzakanenso.

Tinyamuka kuno Loweruka, ndipo tikadutsa njira yomwe ija. Tagula shuga, sopo ndi mabatire oti tikasiye pamudzi paja, zimenezi sangakane chifukwa si ndalama. Ngati uli ndi uthenga wopita kwa mnzakoyo, ulankhule pafoni ya amayi ako unditumizire, ndikamumvetsera. Undiuzenso chigamulo cha mlandu wanga. Ngati ukufuna tochi ina, tikagula limodzi ku Limbe ndipo ukasankha wekha, koma yosapitirira mabatire awiri.

Upereke moni kwa amayi ako, kwa adadi ndi kwa agogo. Uwauze agogo kuti mankhwala a malungo anandikakamiza kutenga aja sindinawataye.

Ndine,
Amalume ako