Tisamadikire madzi afike m'khosi kuti tiitane msonkhano

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzipepala yanuyi ndiyankhuleko ndi abale anga akuno ku Chigwa cha Shire, makamaka ife okhala m'mphepete mwa mtsinje kuyambira ku Chikwawa mpaka kukafika ku Marka. Nkhani yanga ndi ya misonkhano ya chitukuko m'midzimu, ya ma VDC (makomiti a chitukuko a kwa gulupu), ma ADC (a kwa T/A), makomiti oona za ngozi aja timangoti VCPC, komanso ma BVC a asodzi kumadoko. Misonkhano imeneyi taisiya m'manja mwa anthu ochepa kwambiri, chonsecho nkumeneko kumagamulidwa zinthu zomwe zimadzatiliza mvula ikayamba.

Aliyense wakuno akudziwa zomwe ndikunenazi. Amfumu akangoti mawa kukubwera olemba maina a chimanga kaya a Mtukula Pakhomo, bwalo limadzadza dzuwa lisanatuluke, agogo oyenda ndi ndodo omwe amafika. Koma akati tikumane tikambirane za dayiki yomwe yang'aluka, kapena za mjigo womwe wasiya kutulutsa madzi, mupezapo anthu owerengeka, nkhope zomwezomwezo, ena mwa iwo abwera poganiza kuti pakhala kaalawansi. Sindikunyoza munthu wothamangira chimanga ayi, njala yakuno si yongomva, munthu amene anadyetsapo ana ake nyika zakudambo akuidziwa bwino. Chomwe chikundipweteka nchakuti msonkhano wachiwiriwu ndi umene ungachepetse ulendo wathu wopita ku kampu chaka ndi chaka, nde ndi umene timauthawa.

Tawerenganitu zaka zake. Januwale 2015 madzi anasesa midzi ku Nsanje ndi ku Chikwawa, anthu kupulumukira m'mitengo ndi pa zulu, ku Makhanga kusanduka chilumba. Malichi 2019 kunabwera namondwe Idai. Januwale 2022 Ana anagumula damu la ku Kapichira mpaka dziko lonse kulowa mu mdima wa mabulakauti, tisanapume Gombe uyu, kenako Freddy mu Malichi 2023. Kale makolo athu ankati madzi aakulu amabwera patapita zaka zambiri, pano mwana wa sitandade 5 wagonapo kale m'kalasi ngati wothawa madzi kangapo. Ndipo chifukwa chake si mvula yokha. Mitengo inatha kumtunda, dothi ndi mchenga zimatsika nkudzadza mitsinje ngati Mwanza, Ruo ndi Thangadzi, mtsinje womwe unali ndi maphompho lero uli pafupifupi chimodzimodzi ndi minda, ndiye olo mvula igwe ku Thyolo kapena ku Mulanje kuno kuli dzuwa lang'aa, madzi amatipeza tili mtulo.

Zakumtundazo sitingazithetse tokha, ndikuvomera. Koma zilipo zomwe zili m'manja mwathu ndipo tikuziona ndi maso. Dayiki amatimangira, pakangopita miyezi ng'ombe zapanga njira pamwamba pake, ngolo zikudutsa pomwepo, wina wadula waya womanga miyala uja kukapangira khola la mbuzi, wina walima mpaka m'mphepete penipeni nkutentha bango lomwe limagwira dothi. Tonse timaona, palibe woyankhula poti wochitayo ndi mlamu wake wa uje. Megafoni ya VCPC ili m'nyumba mwa tcheyamani yopanda mabatire, malikhweru anagawidwa aja akuseweretsa ana. Izi sizifuna donala, zimafuna anthu akumane mwezi wa Ogasiti kapena Seputembala kunja kukadali kouma, ayende pa dayikiyo ndi mapazi, agwirizane chindapusa cha wodutsitsa ngolo, asonkhe ya mabatire, adziwe kuti madzi akabwera usiku nkhalamba ya nyumba iyi adzainyamula ndani ndipo bwato lili kwa yani.

Mwina ena sadziwa mmene zimayendera, poti palibe amene amatifotokozera. Chiyambire 1998 pomwe kunabwera lamulo la maboma ang'ono ndi mfundo ya mphamvu ku anthu, chitukuko chimayenera kuyambira pansi. VDC ya kwa gulupu imalemba zofuna za anthu, nkupita nazo ku ADC ya kwa T/A, kuchoka apo zimakalowa mu pulani ya khonsolo. Ndiye ngati pa VDC panakhala anthu asanu okha nkulemba kuti chofunika ndi shedi ya pamsika, musadabwe kuona shedi ikumangidwa pomwe amayi akumwetsa ana madzi amchere a pamjigo kapena kukatunga ku Shire komwe ng'ona zikuwadikira. Pepala lomwe linapita ku boma likunena kuti anthu munafuna shedi, basi.

Pajatu kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndipo ine ndimaona ngati zaka zimenezo zinatizoloweza zoipa, tinazolowera kuti chitukuko ndi mphatso ya aphungu, chobwera ndi nyimbo ndi nsalu. Ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, ndi misonkho yathu, si za m'thumba mwa munthu. Mu 2022 zinakwezedwa kufika K100 miliyoni pa dera lililonse la phungu ndipo zakhala zikukwerabe. Ndani mwa ife anafunsapo kuti za chaka chatha zinagwira ntchito yanji, kontilakita anasankhidwa bwanji, kamlatho kaja kanadya zingati? Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, kufunsa si mwano ndipo si ndale. Koma kuno ukangofunsa amati watumidwa ndi chipani china, nde anthu amangoti zii kuopa kuchotsedwa pa mndandanda wa thandizo. Mantha amenewa ndi enieni, ndipo njira yokha yowathetsera ndi kufunsa tili ambiri, poti mudzi wonse sangauchotse m'kaundula.

Atsogoleri nanunso muli ndi mbali yanu, ndipo ndi yaikulu. Uthenga wa msonkhano umafika usiku kuti mawa 8 koloko, nthawi yomwe aliyense ali kudimba kuthamangitsana ndi chinyezi, mukatero nkumati anthu akuno safuna chitukuko. Komiti inasankhidwa kalekale sinasinthidwepo, tcheya ndi m'bale wa amfumu, msungichuma ndi mkazi wa tcheya. Alendo a mabungwe akabwera amayankhula Chingerezi chosakaniza, kulemba pa mapepala aakulu aja, kujambula zithunzi nkumapita, mayi woyankhula Chisena kapena Chimang'anja amene akudziwa bwino lomwe pomwe madzi amayambira kulowa m'mudzi sanapatsidwe mpata olo wa mphindi imodzi. Bungwe lina linabwera kwathu kudzatimangira malo othawirako madzi, akuluakulu atatu okha ndi amene analoza malowo, amayi ankanena chapansipansi kuti pamenepo pamadikha madzi koma palibe anawafunsa. Mvula itabwera nyumbayo inazunguliridwa ndi madzi, anthu anakagonanso ku sukulu.

Ndikamaona doko la ku Nsanje mtima umandiwawa. Mu Okutobala 2010 malemu Bingu wa Mutharika analitsegulira pamaso pa Robert Mugabe ndi Rupiah Banda, tinauzidwa kuti Nsanje isanduka mzinda, koma sitima yomwe tinkayembekezera inagwidwa ku Mozambique ndipo mpaka lero pangokhala chikonkiliti. Sindikuti maganizowo anali oipa. Koma nthawi yomweyo njira ya pakati pa Bangula ndi Makhanga inali chidukire 1997, anthu akuwoloka pa Mtayamoyo ndi mabwato, odwala ndi amayi oyembekezera omwe, ndipo msewu wa ku East Bank wochokera pa Thabwa ukumaduka dzinja lililonse. Akanatifunsa ife eni dera kuti tiyambe ndi chiti, yankho likanakhala lina. Nanga akanatifunsira kuti, poti mabwalo ofunsiranawo tinawasiya okha?

Pano kukubwera china chachikulu kuposa doko, ngalande ya mthirira ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira kulowera ku Bangula, yomwe akuti idzathirira mahekitala opitirira 40,000. Iyi ndi nkhani ya malo, ndipo nkhani ya malo simatumira mnzako. Alimi akuyenera kuphatikiza minda yawo nkukhala m'makopaletivi, monga anachitira anzathu a ku Phata omwe amalima nzimbe nkumagulitsa ku Illovo ku Nchalo. Zikayenda bwino ndi chuma ndithu. Koma munda wako ulembedwa m'dzina la yani, malire ake ndi ati, phindu lizigawidwa bwanji, mudzalima mbewu yanji, ng'ombe zizikamwera kuti, zonsezi zimakambidwa pa msonkhano. Amayi amasiye ndi ana amasiye ndi amene ndikuwadera nkhawa kwambiri, chifukwa tsiku lolemba minda akakhala kulibe, achibale a malemu adzalembetsa okha, podzazindikira pepala latuluka kale.

Chimodzimodzi nkhani yosamukira kumtunda. Anzathu a m'tauni amangoti anthu a ku Nsanje ndi amakani, amakonda zolandira, bwanji osasamuka. Sadziwa kuti dimba ndiye nkhokwe yathu, madzi akaphwa timabzala chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu pa chinyezi ndipo nzimene zimatidyetsa chaka chikavuta, pomwe kumtunda kuli miyala, mapira ndi mchewere basi mvula ikakhala yanjomba. A kwa Nyachikadza akhala akuuzidwa zosamuka kwa zaka zambirimbiri ndipo chifukwa chokanira nchomwechi. Ine ndili mbali yoti tigone kumtunda tizilima kudimba, moyo wa mwana sungafanane ndi munda. Koma malo akumtundawo apezeke mokambirana ndi eni ake, pakhale mjigo wa madzi abwino, sukulu ndi chipatala chapafupi, ndipo zikambidwe nthawi yachilimwe anthu mitima ili m'malo, osati mu tenti munthu atataya zonse akungovomera chilichonse.

Asodzi anzanga a ku Elephant Marsh ndi ku Ndindi, inunso BVC si ya tcheya yekha. Dambo la Elephant Marsh linalowa m'gulu la madambo otetezedwa pa dziko lonse a Ramsar mu 2017, koma tikapitiriza kukokera maneti a udzudzu omwe amakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, mlamba ndi makakana zidzangotsala m'nkhani. Malamulo a padoko omwe mwapanga nokha amamveka kuposa obwera ndi a fisharizi.

Pempho langa ndi ili. Magulupu onse a m'mphepete mwa Shire, Ruo ndi Mwanza aitanitse misonkhano mvula isanagwe, uthenga upite kutatsala sabata yathunthu kudzera m'matchalitchi, m'mizikiti ndi m'sukulu, ndipo ichitike masana anthu ataweruka kudimba. Makomiti omwe nthawi yawo inatha asankhidwenso poyera, achinyamata ndi amayi alowemo osati ongodzadzitsa nambala. Makhansala ndi aphungu apite pa wayilesi zathu za Gaka ndi Nyathepa akawerenge ndalama zomwe zinabwera ndi ntchito yomwe zagwira, m'chiyankhulo chomwe agogo angamve, ndipo mndandanda womwewo aumate pa bwalo la T/A ndi pamsika.

Inunso a Mkonzi, atolankhani anu timawaona Januwale ndi Febuluwale kudzajambula madenga omira. Atumizeninso Seputembala adzakhale nawo pa msonkhano wa ADC, adzaone madayiki mmene alili, adzafunse a khonsolo kuti mapulani a ma VDC athu anafika pati.

Wowerenga wanu,
Bangula, Nsanje