Aphunzitsi a zamalamulo azichonga mwachilungamo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za momwe aphunzitsi ena akuchongera ntchito za achinyamata ophunzira kulemba zikalata za kukhoti. Mwana wanga wabwera ndi pepala lake litachita kufiira ndi bolopeni, malikisi ambiri atam'dula chifukwa cha masipelo ndi zizindikiro za m'kalembedwe. Mnzake amene anasokoneza tsiku pa kalata yogulitsirana munda wakhoza bwinobwino, poti Chingerezi chake n'chosalala.

N'zoona kuti makhoti athu amalemba m'Chingerezi, ndipo pamene galamala yakhotetsa tanthauzo, mphunzitsi asanyengerere. Koma mlandu wa dimba la m'mbali mwa Shire ukafika kwa majisitireti, iye amayang'ana mayina, tsiku, malire ndi amene anasayina. Ana ambiri ku Nsanje ndi ku Chikwawa amakula akulankhula Chisena kapena Chimang'anja, Chingerezi amakachipeza kusukulu basi.

Aphunzitsi azineneratu malikisi a galamala asanapereke ntchito. Cholakwa chimodzi chikabwerezedwa kasanu, chiwerengedwe kamodzi. Ndipo m'malo mongokhwatcha, azilemba pambali chiganizo cholondolacho kuti wophunzira aone pamene waphonya.

Kholo lodandaula,
Bangula, Nsanje