Tikupha muwawani ndi kasendedwe kathu

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za mitengo yamankhwala. Ndine mayi wothyola tiyi kuno ku Mulanje, ndipo aliyense amene anaberekapo dengu kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa paliwombo akudziwa mmene msana ndi mawondo zimaphwanyira. Bondo langa lakumanzere likatupa, ndimachita zomwe anandiphunzitsa malemu agogo anga: ndimawiritsa khungwa la muwawani, ndimaviika kansalu m'madzi ofundawo n'kuthowa. Kutacha ndimapondako bwino.

Agogo anali ndi kasendedwe kawo. Ankapita ndi kampeni basi, osati chikwanje. Ankasenda kachidutswa kokwana pachikhatho, mbali yotulukira dzuwa, kenako n'kutapa dothi lonyowa kumata pabalapo. Mtengo umenewo sankaubwereranso mpaka chipsera chitatsekeka. Ife ana tinkayesa ndi miyambo chabe ya akuluakulu. Ndi mwana wanga wa ku sekondale amene anadzandimasulira kuti chakudya chopangidwa m'masamba chimatsikira kumizu kudzera mkati mwa khungwa, ndiye ukasenda kuzungulira thunthu lonse, mizu imafa ndi njala.

Mwezi wathawu ndinapita kumuwawani wa kutsidya kwa mtsinje, womwe agogo ankasendako ine ndili kamtsikana. Ndinaupeza uli mbuu ngati fupa, wosendedwa kuyambira patsinde mpaka pomwe dzanja la munthu wamtali lingafike. Pansi panali tizibenthu tokhatokha. Ndinakhala pamwala, misozi ili chuchuchu. Makungwa amenewo ndi omwe tikuwaona m'matumba pa tsiku la msika, ena akukwera nawo minibasi kupita ku Limbe.

Anthu ena amanyoza makungwa, amati ndi zachikale. Koma asipirini amene timagula pagolosale chiyambi chake ndi khungwa la mtengo wa willow, momwe muli salicin wochepetsa ululu ndi kutupa. Kampani ya Bayer ya ku Germany inapanga asipirini mu 1897. Kwinini wa malungo naye anachokera m'khungwa la cinchona wa ku South America, ndipo akatswiri awiri a ku France anamupatula mu 1820. Palinso mtengo wa m'nkhalango za m'mapiri a mu Africa, Prunus africana, womwe khungwa lake limapita kunja kukapangira mankhwala a abambo ovutika pokodza. Anausenda mopanda chisoni mpaka mu 1995 unalowa pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loteteza zomera ndi nyama kuti zisathe, woti malonda ake aziyang'aniridwa. Kodi muwawani tikudikira kuti ufike pomwepo?

Ndisabise, zakumwa za zitsamba za m'mabotolo zopanda muyezo zija ine zimandiopsa. Paja mwavi nawonso ndi khungwa. Bondo likatupa n'kumatentha, thupi lili ndi malungo, ndimasiya zothowa n'kupita kuchipatala, ndipo ndimawauza adokotala zomwe ndagwiritsa ntchito.

Sindikudana ndi ogulitsawo, nawonso akusaka ya ndiwo ndi sopo. Koma namondwe wa Freddy mu 2023 anationetsa zomwe madzi amachita akatsika phiri lopanda mitengo. Pempho langa kwa mafumu athu, azitsamba ndi alangizi a zankhalango ndi lakuti akhale pansi agwirizane: kusenda kuzikhala kwa mbali imodzi, pamtengo wokhwima, bala n'kumata. Ndipo m'manazale musamangokhala bulugama ndi paini.

Ine ndinatola zikhokhombe za muwawani wakufawo, njere zisanu n'kufesa m'machubu kuseri kwa khitchini. Zamera ziwiri, ndazitchingira ndi minga kuopa mbuzi. Ngati alipo wodziwa kafesedwe kabwino ka njere zimenezi, atiuze kudzera m'nyuzipepala yomweyi mvula isanagwe.

Ine wanu,
Mayi wothyola tiyi,
Mulanje